Mkono wa Apongozi pa Zenera

Lolemba, 12 Juni 1995

Andigoneka. Ine Eleanor Kamphinda, amene ndaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale mpaka choko kundiyeretsa tsitsi, andigoneka pabedi lachitsulo m'wodi ya amayi pa chipatala cha mishoni, ndipo kamtsikana ka yunifolomu kandibisira nsapato ngati ndingathawe. Kakudziwa. Ndingathawedi.

Ndinadzuka ndi mutu wa kunkhongo, uja wokhala ngati wina wakusanjika mwala pakhosi. Maso ankaona timoto. Nditasanza kachiwiri, mwana wanga Kezia sanafunsenso maganizo anga. Anakaimitsa lole ya fodya pamsewu, nandikhazika kutsogolo, pakati pa dalaivala ndi nkhuku za dalaivalayo.

Pofika, BP: 212/124. Sista Susana, namwino wamkulu wa wodi ino, anayeza mkono wamanja, nayezanso wamanzere, kenaka anasiya kumwetulira. Ndinawauza kuti makina awowo ndi a nthawi ya atsamunda. Ine kwathu ndili ndi anga, ndipo Lamulungu lililonse amanena 150/90.

"Chabwino amayi," anatero, akufunafuna mtsempha. Munthu akati "chabwino amayi" ndiye kuti sanamve kanthu.

Mankhwala: jakisoni wa hydralazine mumtsempha, pang'onopang'ono. Mapiritsi a HCT m'mawa. Methyldopa katatu pa tsiku. Mchere ayi. Madzulo 188/112.

Ndikulemba kuti dzanja lisaiwale ntchito.

Lachiwiri, 13 Juni

Wodi imayamba ndi ndowa ndi chikolopa, kenaka nyimbo, kenaka lamba pamkono. Ndiwo zopanda mchere ndi chilango chimene ngakhale boma lakale silinachiganizire.

M'mawa 184/110. Atenga mkodzo, atenga magazi. A Chirambo, amene tonse timawatcha adokotala, mnyamata wa ku Rumphi wa msinkhu wa ana amene ndinkawagwaditsa kunja kwa kalasi, andiunika m'maso ndi katochi. Akuti timitsempha ta mkati mwa diso tafinyika, ndipo zimenezi sizichitika m'sabata imodzi. Akutinso mkodzo ukusonyeza kuti impso zayamba kudandaula. Ndawauza kuti m'dziko muno chilichonse chayamba kudandaula chilowereni matipate, impso zisaletsedwe.

Afunsa za makina anga. Anandipatsa mlongo wanga chaka chatha atabwera kuchokera ku Dar es Salaam, komwe anathawira zaka zija. Anzake anabwera ndi mawailesi. Iye anabwera ndi lamba wa pamkono, kampira kopopera, kawotchi ka manambala ndi timapaipi ta m'makutu. Kezia makutu ake anawonongeka ndi mafinya ali mwana. Mawu a anthu amamva, koma kugunda kwa m'timapaipi sakumva. Ndiye amene amandiyeza ndi mwamuna wake, mkamwini wanga a Elifala, amene amagwira ntchito ya ziweto ku dibi ya kwathu, kumtunda kwa Dzoole. Munthu womva mtima wa ng'ombe kudutsa chikopa chonse chija sangalephere kumva wa mphunzitsi.

Afunsanso za mapiritsi. Ndawauza zoona: chipatala chaching'ono cha kwathu chinandipatsa HCT chaka chatha, koma nditaona kuti manambala a kunyumba ndi aulemu, ndinasiya kumwa mu Febuluwale. Ankandithamangitsira kuchimbudzi ulaliki uli pakati. A Chirambo anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso. Uko ndiko kukalipa kwa akumpoto.

Bedi la kumanja kwanga kuli mayi Debora, mkazi wa tenanti pa esiteti ina cha ku Chisepo. Kwawo ndi ku Phalombe. Ndi wamng'ono kwa ine. Anagwa akusankha fodya m'chigafa. Dzanja ndi mwendo wamanja zinafa, pakamwa panapotoka, ndipo pa mawu onse amene Mulungu anam'patsa panatsala amodzi: "mawa". Ukamufunsa dzina, mawa. Akafuna madzi, mawa. Maso ake akudziwa zonse zimene akufuna kunena. Akumudwazika ndi mng'ono wake Marita.

Ndapempha kuti andisinthire bedi. Akuti malo palibe.

Lachitatu, 14 Juni

Tsiku lokumbukira voti ya matipate. Pa kawailesi ka Marita akuimba za ufulu. Ine nsapato zanga sizinabwerebe.

M'mawa 180/108. Mutu wachepa. Methyldopa akundigonetsa ngati mwana wakhanda.

Ndakangana ndi a Chirambo.

"Kunyumba ndi 150/90," ndinatero.

"Yatuluka kangati nambala imeneyo?"

"Nthawi zonse."

"Nthawi zonse? Amayi, BP ya munthu wamoyo siima malo amodzi. Mukagona imatsika, mukakwiya imakwera. Inu simukwiya?"

Sista Susana anatsokomola. Chifuwa chawo ndachilemba.

Kenaka mnyamatayo anandikhalira pansi n'kuyamba kundiphunzitsa, ine. Ndikulemba chifukwa, mwatsoka, anaphunzitsa bwino. Nambala ya pamwamba ndi mphamvu ya magazi mtima ukafinya. Ya pansi ndi mphamvu imene imatsala m'mitsempha mtima ukapuma. Pansi pa 140/90, munthu azipita kukalima. Kuyambira 140/90, wayamba kukwera phiri: achepetse mchere, aziyezedwa pafupipafupi. Pa 160/100 ndi mapiritsi basi, ndipo sasiyidwa chifukwa choti mutu sukupweteka. Pa 180/110 akwere chilichonse choyenda, ngakhale ngolo, abwere kuno, makamaka ngati pali mutu, timoto m'maso, dzanzi m'dzanja kapena lilime kulemera. Ndipo manambala awiriwa sadikirana. Imodzi ikapyola, yapyola.

"Ndiye 150/90 yanuyo, ngakhale itakhala yoona, siinali yosiyira mankhwala."

Ndinawauza zimene ndinawerenga m'magazini, kuti pali anthu amene BP yawo imakwera akangoona malaya oyera a dokotala.

"Alipo," anatero. "N'chifukwa chake kuyeza kunyumba n'kwabwino. Koma malaya oyera safinya timitsempha ta m'maso. Makina anuwo abwere tiwaone."

Masana a Elifala anabwera panjinga. Sanalowe. Anakanjuta pansi pa bulugamu kuseri kwa wodi, nkhope kuloza ku mapiri a Ntchisi, chipewa pabondo. Ndinawamva pazenera: "Amake Tadala, afunseni amayi kuti agona bwanji." Kezia, amake Tadalawo, analowa. "Akuti mwagona bwanji?" Ndinati, "Kawauze kuti ndamva ndekha, makutu ogontha si anga." Anapita kukawauza kuti ndagona bwino.

Umu ndi momwe timakhalira chikwatireni mwana wanga. Mkamwini saona nkhope ya mpongozi, salankhula naye maso ndi maso, tikakumana panjira amapatukira m'chimanga. Ndinawauza kalekale kuti ine ndinapita ku Chancellor College, sindiluma. Anawomba m'manja, nathokoza, napatukira m'chimanga.

Lachinayi, 15 Juni

Kezia wabweretsa makina, atakulungidwa m'chitenje ngati mwana wobatizidwa. Sista Susana anandikhazika pampando, mkono patebulo. A chipatala: 178/108. Anga, m'manja mwa Sista yemweyo: 176/108.

Makina anga andigulitsa. Ndinawasunga pamwamba pa kabati, kutali ndi fumbi ndi ana, ndipo lero aima mbali ya adani.

Ndinanena kuti zimenezi zikungotsimikizira mfundo yanga: m'nyumba muno ndimo muli matenda. Fungo la mankhwala, ndiwo za madzi, kubuula. Ndikapita kwathu, makina omwewa adzanena 150/90. Ndawauza kuti Loweruka ndikutuluka, afune asafune. A Chirambo akuti sangandimange, ufulu unabwera. Akuti angondipempha.

Amayi a Mvano a kwathu anabwera ndi thobwa, nthochi ndi mbatata yowotcha. Anaimba bwino. Kenaka anayamba kunditchulira anthu onse amene BP inawagwetsa kuchokera ku Mponela mpaka ku Mvera, aliyense ndi malo amene anagwera: uyu pa chitsime, uyu m'basi, uyu akupereka mafuno abwino pa ukwati. Amatcha zimenezi kuona odwala. Kanyenya wa mchere amene wina anandilowetsera pansi pa pilo, Sista anamununkhiza ali pakhomo.

Marita ankamwetsa mkulu wake phala. Theka linkabwerera pachibwano. Debora anafuna chinachake, nati mawa, mawa, mawa, akukweza mawu. Marita anam'patsa madzi, anam'tembenuza, anam'funditsa, zonse ayi. Anamaliza onse awiri akulira. Mpaka pano sitikudziwa chimene ankafuna.

Sindingathe kugona moyang'ana uko. Loweruka.

Lachisanu, 16 Juni

Ndikulemba madzulo. Zilembo zikupendekeka.

Ndimamwa tiyi. Kapu inangogwa. Ndinafuna kunena kuti, "Marita, tanditolere kapuyo." Mawu onse anali m'mutu, atandandalikana bwinobwino. Pakamwa panatuluka phala. Ndinayesanso. Phala. Marita anali kunja kokachapa.

Debora ndiye anaona. Anamenya chitsulo cha bedi ndi dzanja lake lamoyo mpaka Sista anathamanga.

204/120.

Lilime linabwerera chakudya cha masana chisanafike. A Chirambo akuti magazi anaima kanthawi mbali ina ya ubongo, kenaka anayendanso. Akuti ili ndi chenjezo. Ikabweranso mwina siidzabweza zimene yatenga.

Awonjezera propranolol. Asipirini akuti tiyamba BP ikatsikako.

Ndikuopa.

Loweruka, 17 Juni

174/106. Madzulo 170/104.

Ndikumayesa lilime m'bulangete ndi mayina a mafumu akale: Kalonga, Undi, Lundu, Kaphwiti. Onse akutuluka. Ndikamaliza ndimayambanso.

Za kutuluka lero sindinazitchule. Palibe wandikumbutsa. Nsapato zabwera, zili pansi pa bedi.

Lamulungu, 18 Juni

Mphamvu zilipo lero, ndipo zikufunika, chifukwa zimene zachitika m'wodi muno zidzakambidwa mpaka ku Phalombe.

A Chirambo anabwera atatuluka ku tchalitchi, ndi tayi. Anatumiza Kezia kuti akaitane mwamuna wake pansi pa bulugamu. A Elifala anafika pakhomo la wodi, natembenukira kukhoma.

"Bambo, makina alibe vuto, tawayesa," anatero a Chirambo. "Ndiye ndikufuna ndione. Ayezeni amayi monga mumachitira kunyumba."

"Amake Tadala, auzeni adokotala kuti muno sizingatheke."

"Bwanji?"

"Auzeni kuti ndizungulira."

Anatuluka, nazungulira wodi, nakaima kunja kwa zenera la pabedi langa. Ine sindinaganizenso kanthu, thupi linachita zimene linazolowera. Ndinapempha kampando kakafupi ka Marita, ndinakhala pansi pa zenera msana kukhoma, ndinakweza mkono n'kuutulutsa kunja. Kunyumba timatero. Ine m'chipinda, iwo pakhonde, khoma pakati, aliyense ndi ulemu wake. Kezia anamanga lamba pamwamba pa juzi, chifukwa mkamwini sangaone mkono wa mpongozi uli pamtunda, nalowetsa kachitsulo komvera pansi pa lamba. A Elifala anaika timapaipi m'makutu, nayamba kupopa, maso pa kawotchi.

M'wodi monse maso anali pa ife. Ngakhale wa bedi la pakona, amene amabuula tsiku lonse, anadzuka kudzaonerera.

Mpweya unatuluka. "Amake Tadala, auzeni amayi kuti ndi 150 pa 90."

Ndinayang'ana a Chirambo monga ndinkayang'anira oyendera masukulu. Mwamva?

A Chirambo anauza Sista kuti andikhazike patebulo pomwepo, juzi atavula. 178/106.

"Amayi," anatero, "mtima wanu uli apa. Mkono unali uko, pamwamba pa mutu. Magazi ankakwera phiri kuti akafike pazenera, ndipo makina ankayeza otopa amene afika pamwamba. Mkono ukakwera, nambala imatsika. Juzinso imabisa kugunda. Koma si zokhazo." Anasuzumira pazenera. "Bambo, ndimaona muvi wa kawotchi. Mwalekera pa 160. Chifukwa chiyani?"



"Amake Tadala, auzeni adokotala kuti pamenepo ndiye pamalire."

"Anaika malirewo ndani?"

"Auzeni kuti tsiku loyamba, muvi utafika pamenepo, amayi anafunsa ngati ndikuwayesa ng'ombe ya ku dibi. Ndiye sindinapyolenso. Kufinya mkono wa apongozi mpaka adandaule, si bwino."

Marita anaphulika kuseka, nadzigwira pakamwa ndi chitenje. Ine ndinati funsolo linali la nzeru ndipo mpaka lero silinayankhidwe. Palibe anaseka.

"Mukamasula mpweya, kugunda koyamba mumakumva pati?"

"Ndikangomasula kumakhala kukugunda kale."

Apa anayankha okha, osadzera kwa Kezia. Ndinazindikira.

"Ndiye kuti nambala ya pamwamba simunaionepo," anatero a Chirambo. "Lamba amayenera kufinya mpaka kugunda kuthe, kuti zii, ndipo mupyolepo. Kenaka mumasule pang'onopang'ono. Pamene kwayambira kugunda, ndiyo ya pamwamba. Pamene kwathera, ndiyo ya pansi. Ya amayi inali kumtunda kumene inu simunafikeko. Mwina 190, mwina 200, Lamulungu lililonse."

Ndinadikira kuti a Chirambo aseke mwambo wathu, kuti ndiwaonetse kuti lilime linabwerera lonse. Sanaseke. Anati kwawo ndi mkamwana, mkazi wa mwana, amene amabisalira apongozi aamuna, ndipo amayi awo anakalamba osatchulapo dzina la agogo awo.

Kenaka kunja kunamveka mawu, aang'ono ngati a mwana: "Ndiye kuti ndikanawapha amayi?"

Sanati auzeni. Anangofunsa mphepo. Kezia anatuluka, ndipo ndinamva njinga ikukankhidwa, osakwera.

Madzulo 182/108. Sista akuti ndisaganize kwambiri. Ndawafunsa kuti mapiritsi a zimenezo ali m'kabati iti.

Lolemba, 19 Juni

168/102. Magazi abwera: shuga mulibe, impso zikugwirabe ntchito. Asipirini theka wayamba.

A Chirambo anena poyera. Mapiritsi atatuwa ayenera kusinthidwa malinga ndi manambala, mwina kwa miyezi. Chipatala chaching'ono chili kuseri kwa mapiri awiri, ndipo makina ake amakhala owonongeka kuposa amoyo. Akufuna ndiziyezedwa kunyumba m'mawa ndi madzulo, ndipo asanditulutsa mpaka ataona ndi maso awo munthu wa kwathu akuyeza molondola. Kulondolako ndi uku: ndikhale pampando wotsamira, mapazi pansi, nditapuma kaye, osati nditangomwa tiyi, kukwera chitunda kapena kukalipira munthu. Mkono wopanda chovala, patebulo, molingana ndi mtima. Woyeza akhale patsogolo panga. Ayeze kawiri. Ndipo poyezapo ndisalankhule.

Ndafunsa kuti ngati n'zoletsedwa kukalipira munthu ndisanayezedwe, adzandiyeza liti.

Kezia wayesa. Sista anamuika timapaipi, anapopa, anamasula. Mwana wanga anatseka maso, anatsegula pakamwa, anamvetsera ndi thupi lonse. "Ndikungomva mphepo." Anayesanso. Mphepo.

Atsala a Elifala. Atumiza mawu kuti ali okonzeka kugulitsa njinga, kundinyamula kumsana mpaka kuchipatala, chilichonse. Koma kukhala maso ndi maso ndi mpongozi, kumugwira mkono wosavala, ayi, pokhapokha titalowana. Akwawo angati anakwatira kopanda mwambo, kapena iwo ndiwo apenga.

Kulowana. Kwathu zimatere: mpongozi amapha nkhuku, amaitana mkamwini pamaso pa akulu, amadya naye mbale imodzi, ndipo manyazi amathera pomwepo. Mkamwini sangayambitse. Amayambitsa ndi mpongozi. Akulu akhala akundiuza chibadwireni mdzukulu wanga Tadala, ine n'kumakana. Kupha nkhuku kuti uchotse mwambo ndiko kuvomereza kuti mwambowo ulipo, ndipo ine sindinauvoterepo.

"Amayi, ndi nkhuku imodzi," anatero Kezia.

"Si nkhuku. Ndi mfundo."

"Mfundoyo mudzaifotokoza ndi pakamwa pati?"

Ndinabereka ndekha chimenechi. Sindingadandaulire wina.

Lachiwiri, 20 Juni

170/104. Chizungulire ndikaimirira msanga. Akuti ndi mankhwala, ndizidzuka pang'onopang'ono.

Debora wapita. Fodya wa pa esiteti watha kugulitsidwa, matenanti akubwerera kwawo, ndipo lole siingadikire munthu mmodzi. A Chirambo akuti palibenso chimene angachite kuno choposa zimene Marita angachite ku Phalombe. Anaphunzitsa Marita kuwongola dzanja lakufalo, nam'patsa mapiritsi a mwezi. Akatha, sindikudziwa.

Anam'nyamula m'bulangete, amuna awiri. Podutsa pabedi langa ndinam'gwira dzanja lamoyo, lija linamenya chitsulo. Ndinali nditakonza mawu abwino kwambiri. Ndinangoti zikomo, muyende bwino. Anandifinya zala, nandiyang'ana nthawi yaitali, nasuntha milomo. Ankafuna kundiuza chinthu chachitali. Chinatuluka chomwe chija.

Bedi lake alipukuta kale.

Ndamuuza Kezia kuti akagwire thadzi lakuda lija, lasiya kuikira. Aphike ndi mpunga. Mchere asathire, ngati ndikuvutika tivutike tonse.

Lachitatu, 21 Juni

166/100. Ndagona tsiku lonse. Pabedi la Debora pabwera mtsikana wa malungo amene amalankhula osapuma. Ndikumumvetsera.

Lachinayi, 22 Juni

Kulowana kwachitikira pakhonde la wodi, chifukwa a Chirambo anakana kuti ndipite kumudzi ndi kubwerako. Kunabwera malume awo a Elifala ndi jekete la ukwati, ndi mkulu wanga wa kumudzi, amene wakhala akudikira tsikuli kuti andiuze kuti ananena. Wandiuzadi, katatu. Sista Susana anatibwereka tebulo la mankhwala. Odwala oyenda anadzaza mazenera.

Malumewo analankhula motalika za mitundu iwiri imene yakhala mtundu umodzi. Mkulu wanga anayankha motalikirapo. Ine ndinati, "A Elifala, nkhuku ikuzizira. Bwerani tidye."

Anabwera chokwawa ndi mawondo, maso pansi. Anasamba m'manja. Ndinang'amba chidale, theka kwa iwo, theka kwa ine. Anatafuna ngati akutafuna mwala. Kenaka anatulutsa mbale yatsopano ya maluwa m'jumbo, naiika pamiyendo panga, ndipo malume awo anati, "Kwezani maso, bambo. Awa ndi amayi anu."

Anakweza. Ali ndi kanjira pakati pa mano akutsogolo, ndi chipsera pachikope, akuti nyanga ya ng'ombe. Munthu wandilimira dimba, wandifolera nyumba, wandipatsa mdzukulu, ndipo ndikanakumana naye ku msika wa ku Mponela ndikanamufunsa mtengo wa tomato. Amayi a m'mazenera analuluta mpaka Sista anawakumbutsa kuti pano ndi pachipatala.

A Chirambo sanadye. Anadikira mbale zichoke, ine ndipume, kenaka anaika makina anga patebulo.

Ndinavula juzi. Kunkazizira, mphepo ya Juni ikuchokera m'mapiri. A Elifala anakhala pampando patsogolo panga. Anamanga lamba, anamasula, namanganso. Zala zawo n'zokhakhala ngati chingwe cha ng'ombe. Anapeza mtsempha okha pa chigongono, naikapo kachitsulo. Anayamba kupopa.

Muvi unafika pa 160. Dzanja lawo linaima. Ndinaliona likuima. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana phiri. Anapopanso. 180. 200. Mkono unatupa, zala zinachita dzanzi, ndipo funso lija la ku dibi linafika pa nsonga ya lilime. Ndinalimeza.

Mpweya unatuluka pang'onopang'ono. Nkhope yawo inali ya munthu womvetsera mvula ili kutali.

Anavula timapaipi. Anatembenukira kwa Kezia, natsegula pakamwa, kenaka anadzigwira. Anabwerera kwa ine.

"Amayi, ndi 164 pa 100. Sizili bwino."

A Chirambo anayeza ndi a chipatala: 162/100. Anagwedeza mutu. Akuti ndikhoza kutuluka Loweruka, ndi mapiritsi onse, ndipo ikadzafika 180 kapena 110, kapena lilime likadzalemera, a Elifala asadzafunse maganizo anga.

Ndinayamba kufotokoza kuti nambala imeneyi siingawerengedwe, chifukwa munthu amene wangodya nkhuku yopanda mchere pamaso pa khamu la anthu, atamvetsera malankhulidwe awiri, m'mphepo, ali ndi ufulu wonse woti BP yake ikwere, ndipo m'mayiko otukuka…

"Amayi."

Anali atabwezera kale timapaipi m'makutu, kampira m'dzanja.

"Adokotala anati kawiri. Khalani chete, ndiyezenso."

Mkulu wanga anagwira pakamwa. Malume anayang'ana kumwamba. Kezia, amene samva zonong'ona, izi anazimva bwinobwino.

Ndinaika mkono patebulo. Ndinakhala chete.

160/98.